A Kanti ndi Nkhuku ya Unkhoswe

Mwezi uno takwanitsa chaka chitisiyireni a Kanti, mmwenye wa ku Lanham kuno ku America amene anali nkhoswe ya banja la Madalitso, mwana wa achemwali anga. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Sekani, koma banjalo lilipo, lili ku Springfield, lili ndi ana awiri, ndipo chimene chaligwira mpaka lero si ine, si abusa, si chikondi chokha ayi. Ndi kachidutswa ka nkhuku kochepa ngati njere ya mtedza. Anthu amati ine ndimakokomeza nkhani. Limenelo ndi bodza, ndipo ndalikana kale kokwana kamiliyoni. Zonse zimene ndilembe pano ndinaziona ndi maso angawa.

Ku maliro awo Amalawi tinapita titavala zakuda, masuti ndi mataye, osadziwa kuti anzathuwa amalira atavala zoyera. Tinalowa m'chipindamo ngati akhwangwala pakati pa akakowa. Amene anatipulumutsa ndi amayi a kutchalitchi kwathu, amene anabwera ndi yunifolomu yawo yoyera, n'kukhoza mayeso amene sanawerengere. Kutsogolo, pamzere wa achibale, panakhala mwana wa malemuwo, dokotala wa ku Bethesda, ndipo pambali pake panali Tiyamike, mkazi wa Madalitso. Palibe mmwenye amene anafunsa kuti mtsikana wa ku Ntcheu akufunanji pamenepo. Onse ankadziwa.

A Kanti anabadwira ku India. Ali mnyamata anatumizidwa ku Limbe kukathandiza m'sitolo ya amalume awo, n'kukhalako zaka khumi ndi zingapo. Kumeneko anatola Chichewa, n'kuchisunga ngati suti ya ukwati, osachipinda, osachithimbiritsa. Chinali Chichewa cha nthawi ya masheleni. Ana athu obadwira kuno, amene ukawalankhula Chichewa amakuyankha m'Chingerezi, ankati akamva nkhalamba ya chimwenye ikuwafunsa kuti, "Kodi iwe, pakamwa pako unasiya m'ndege?" ankayang'ana pansi n'kuyamba kufufuza mawu a amayi awo.

Atapuma ntchito, mwana wawo uja anawagulira laputopu kuti azionera mafilimu. Filimu sanaonerepo ngakhale imodzi. Anatsegula bulogu, tsamba la pa intaneti pamene munthu amalembapo zimene waona, ndipo m'mawa uliwonse akamwa tiyi ankalemba nkhani imodzi. Za ndale sankalemba. Ankati ndale ndi nkhani za anthu amene nyumba zawo zilibe windo. Iwo windo anali nalo, ndipo ankalemba zodutsa pamenepo. Analemba za Azungu amene amasesa masamba a mitengo, kuwamanga m'matumba, n'kuwakhazika m'mbali mwa msewu ngati odwala odikira basi. Analemba za moni wa kuno, woti munthu amakufunsa kuti uli bwanji, iwe ukamatsegula pakamwa kuti ufotokoze za bondo lako, iye wafika kale ku Virginia. Amwenye anzawo sankawasiya. Analemba za mnzawo wina amene anayendetsa galimoto zaka khumi ndi ziwiri pulasitiki wa pamipando osachotsa, n'kuligulitsa mipandoyo isanamvepo kutentha kwa munthu.

Sanali okha pantchitoyi. Panali gulu la nkhalamba zinzawo za chimwenye, aliyense ndi bulogu yake: mayi wina mphunzitsi wopuma wa ku Pune, bambo wina ku Nairobi, wina ku Leicester. Ankawerengerana, kuyankhana, makamaka kukangana. Ndi mayi wa ku Pune uja anakangana zaka zisanu ndi ziwiri pa nkhani imodzi yokha, yoti kodi pophika tiyi jinja amalowa mkaka usanalowe kapena utalowa. Sanaonanepo maso ndi maso. Pa maliro paja dokotala anawerenga uthenga wa mayiyo. Unkati a Kanti anali olakwa pa nkhani ya jinja ndipo adzakhala olakwa mpaka kalekale, koma m'mawa umenewo iye waphika tiyi monga mmene iwo ankanenera, ndipo wamwa yense.

Ine ndinadziwana nawo kudzera m'ndewu. Nthawi imeneyo Tiyamike ankagwira ntchito m'nyumba mwawo, kusamalira akazi awo, mai Sarla, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Masiku ena Madalitso akakhala pa shifiti, ine ndi amene ndinkakamutenga Tiyamike. Ndinkaimba foni n'kunena kuti ndafika, ndili pageti. Zoona zake ndinkakhala ndidakali kutali pa msewu waukulu wa Beltway, koma mtima unkakhala utafika. Sindinkadziwa kuti pawindo paja pali munthu ndi wotchi ndi kope.

Nkhani inatuluka. Inkati Mmalawi amafika kawiri: mzimu umafika poyamba pa foni, thupi limatsatira patapita mphindi makumi anayi, ndipo amaima pa geti ngakhale nyumbayo ilibe mpanda. Dzina langa sanalitchule, koma anatchula chipewa changa. Ndinapita kukadandaula.

"A Kanti, mwandichititsa manyazi dziko lonse la India."

"Si lonse, a Mbewe. Kumapiri intaneti imavuta."

"Mufufute basi."

"Chabodza ndi chiti? Mutchule chimodzi, ndifufuta zonse."

Ndinawerenganso kawiri ndili chiimire. Chabodza munalibe. Anandiuza kuti ndivule nsapato, ndikhale pansi, ndimwe tiyi. Kuyambira tsiku limenelo ndikanena kuti ndafika ndimakhala nditafikadi, kupatula Loweruka ndi masiku a pakati pa sabata.

A Kanti ankakonda kunena kuti munthu sumudziwa pa zimene amalankhula pagulu, koma pa mmene amatsekera chitseko akakwiya. Ankanenanso kuti dziko lachilendo lili ngati nsapato yobwereka, umayenda nayo ndithu, koma suiwala kuti wavala nsapato. Koma chimene tonse tinkawadziwa nacho ndi nyama. Sanailawepo chibadwire, ngakhale dzira. Bambo awo sanailawe, agogo awo sanailawe, mpaka kumbuyo kumene mayina anaiwalika. Sikunali kusala kwa madokotala, chinali chipembedzo. Udzudzu ukalowa m'nyumba ankaugwira ndi kapu ndi pepala n'kuuperekeza panja ngati mlendo. Mvula ikagwa ankayenda atawerama, kanthambi kali m'manja, kuchotsa nyongolotsi panjira kuti zisapondedwe, moti ulendo wa mphindi khumi unkatha dzuwa litapendeka. Nyerere zitalowa m'khitchini mwawo, sanagule mankhwala. Anathira shuga kuseri kwa nyumba, n'kugwada, n'kukambirana nazo. Zinasamuka tsiku lomwelo zili pamzere, n'kukalowa kwa Mzungu woyandikana nawo. Ngati ndikunama, galimoto langa lisalire mawa.

Tiyamike anakhala m'nyumba imeneyo zaka zitatu. Ankawasambitsa mai Sarla, kuwadyetsa, kuwatembenuza, kuwapesa tsitsi. Palibe anamuletsa kubweretsa chakudya chake, koma iye, mwana wokulira pa kanyenya wa pamsewu wa ku Ntcheu, sanalowetsepo ngakhale kafupa m'nyumbamo. Ankadya mphodza ndi chapati pamodzi nawo. Mai Sarla atamwalira, amayi a chimwenye posambitsa thupi anamuitana kuti alowe, akuti manja awa ndi amene thupili likuwadziwa.

Vuto linabwera pa chinkhoswe. Tiyamike makolo ake anamwalira kalekale. Amalume ake, amene anayenera kukhala nkhoswe, anawakaniza viza kawiri. Mbali ya mwamuna nkhoswe ndinali ine, ndipo achemwali anga a Nambewe, amayi ake a Madalitso, anali atabwera kuchokera ku Dedza. Iwo ananena poyera kuti popanda nkhoswe ya mkazi palibe banja, akwera ndege, ndipo madalitso awo akwera nawo. Musawaone ngati ankhanza. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Joni popanda ankhoswe, ndipo zitavuta panalibe khomo loti akagogodepo. Anabwerako ndi chikwama chimodzi ndi dzino losweka. Madalitso naye si mwana woti angakwatire amayi ake atafulatira. Tinayesa kunena kuti amalume aja akhale nkhoswe pa foni. Achemwali anangofunsa kuti, "Foni imadya nkhuku?"

Amalumewo ndi amene anapeza njira. Anamufunsa Tiyamike kuti kumeneko ndi nyumba ya ndani imene amalowa osagogoda. Iye anati ya a Kanti. Akuluakulu awiriwo analankhulana pa foni ola lathunthu, ndipo pomaliza amalume anati munthu ameneyo ndiye aimire ife. Achemwali anga anavomera msanga, msanga kwambiri. Anali atamva za nyama. Kwathu pa chinkhoswe ankhoswe a mbali ziwiri amagwira nkhuku yootcha, kuikhadzula, n'kudya pamaso pa anthu, ndipo pamenepo m'pamene unkhoswe umamangidwa. Tiyamike ankaganiza kuti nkhalambayo aikhululukira. Ine ndinkadziwa kuti saikhululukira, ndipo ndinakhala chete. Achemwali anga ndimawaopa kuposa apolisi a ku Virginia.

Linali Loweruka masana, mu holo ya pansi pa tchalitchi ku Lanham. A Kanti anafika ola limodzi nthawi isanakwane, n'kupeza holo ili yokhoma. Anavala malaya awo oyera aatali, ndipo kope lija linali m'thumba. Zonse zinayenda bwino. Anafunsa mafunso a unkhoswe m'Chichewa chimene chinapangitsa amayi achikulire kugwirana mikono. Tambala wamoyo amene tinawapatsa anamulandira ngati khanda, ndipo ndikuuzeni kuti tambala ameneyo anakafera ku famu ina ndi ukalamba, ali ndi dzina.

Kenaka mbale inabwera. Woyendetsa mwambo anali a Tembo, Mzambiya wa ku Lusaka, munthu wamtendere. Ataona nkhukuyo anazindikira, n'kuyesa kukonza.

"Amai, manje apa tingaikeko chabe buledi. Ba Kanti sibadya nyama."

"Buledi ndi wa Mgonero," anatero achemwali. "Unkhoswe ndi nkhuku."

Ena anayamba kung'ung'udza kuti kuno ndi ku America. Achemwali anatola kachikwama kawo n'kukaika pamiyendo, zimene kwa ife odziwa zinali ngati ndege yayamba kale kulira. Madalitso anali atagwira mutu. A Kanti anaimirira pang'onopang'ono.

"Mai, ndifunse nawo. Wodya nkhukuyi amakhala walonjeza chiyani?"

"Walonjeza kuti ana awa akayambana, iye sakhala pansi. Akadwala, woyamba kumva ndi iye. Banja likafuna kutha, lithere m'manja mwake, osati pamsewu."

"Nanga wosadya?"

"Wosadya ndi mlendo. Amaonerera, n'kumapita kwawo."

A Kanti anatulutsa kope lija m'thumba, n'kulipereka kwa a Tembo kuti awagwirire.

"Kuonerera ndaonerera zaka zambiri," anatero.

Tiyamike anadzuka pampando wa mkwatibwi n'kukagwada pamapazi pawo. "Ankolo, musatero. Ndakupemphani. Bola chinkhoswecho chithe."

"Bwerera pampando, mwana wanga. Ukudetsa chovala."

Anaphatikiza manja awo, n'kuwerama, n'kulankhula ndi nkhukuyo m'chilankhulo chawo. Sindinamve mawu ake, koma kupepesa kumamveka m'chilankhulo chilichonse. Ine ndinagwira mwendo umodzi, iwo anagwira winawo. Tinakoka. Anatsina kachidutswa, n'kukayang'ana, n'kukaika pakamwa. Sanatafune, sanatsinzine. Anameza akuyang'ana achemwali anga m'maso, misozi ikutsikira m'masaya. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, mzere wonse wa makolo ake uli kumbuyo kwake.

Mu holomo munali zii, moti tinamva ayezi akusungunuka m'chidebe cha zakumwa. Ndimalumbira. Ndiye achemwali anga anaika kachikwama pansi. Anapita kukatenga beseni ndi jagi ya madzi, n'kugwada pa simenti. Mayi ameneyu sanagwadirepo ngakhale malemu amuna ake, ndipo kutchalitchi amapemphera atakhala, akuti Mulungu akudziwa za mawondo awo. Anawasambitsa a Kanti dzanja, chala chimodzichimodzi, n'kulipukuta ndi chitenje chawo.

"Zikomo, asewere," anatero.

Nthungululu imene inalira pamenepo inayatsa ma alamu a magalimoto panja.

Mtengo wake a Kanti anaulipira okha. Anasala kudya masiku asanu ndi anayi, akumwa madzi ndi kulawa tizipatso, mwana wawo dokotala akukalipa. Anapita okha kukauza akuluakulu a kukachisi kwawo zimene anachita, popanda wowafunsa, ndipo ena anasiya kudya m'nyumba mwawo kwa nthawi ndithu. Bulogu inakhala duu masiku onsewo. Anzawo aja anaganiza kuti amwalira, moti wa ku Nairobi analemba mbiri ya moyo wawo yogwetsa misozi. A Kanti anatulukira pa tsiku lakhumi n'kukonza zolakwika zinayi m'mbiriyo. Mawa lake analemba za agologolo. Za nkhuku sanalembepo ngakhale liwu limodzi, munthu amene analemba ndime zisanu za bini ya neba.

Ndinawafunsa tsiku lina chifukwa chake. Anati zimene waona ndi maso ndi za anthu onse, koma zimene wameza ndi zako.

"Nanga ine ndikadzalemba?"

"Inu mudzalembe ine nditapita, a Mbewe. Palibe amene adzakukhulupirireni."

Unkhoswe anaugwira kuposa tonse obadwira m'mwambowo. Mlandu ukabuka ankandiitana, popeza nkhoswe siweruza yokha, n'kuwakhazika awiriwo kuti aliyense alankhule mnzake ali chete. Ankalemba zonse m'kope, ndipo pomaliza ankang'amba tsambalo n'kuwapatsa eni ake, akuti katundu wanu uyu, musandisiyire. Chaka chachiwiri zinafika poipa. Mashifiti awo ankasemphana, wina akamalowa wina akutuluka, ankangokumana pa chitseko ngati alonda. Mawu anachuluka, ndipo Madalitso analongedza zovala. Tsiku limenelo kunagwa chipale chofewa, ine galimoto linakana. A Kanti anakwera basi, sitima, sitima ina, basi ina, kuchoka ku Lanham mpaka ku Springfield, n'kumupeza mnyamatayo akutsika masitepe ndi sutikesi. Tiyamike ndi amene anandiuza zimene ananena. Sanalalikire.

"Mwana wanga, ine ndinadya nkhuku chifukwa cha banja ili. Nkhuku ina yoti ndidye ndilibe."

Sutikesi inakwera yokha masitepe. Kuyambira pamenepo mkangano uliwonse m'nyumba imeneyo umafika penapake n'kuima, ngati galimoto pa loboti yofiira. Onse awiri amadziwa chimene chinamezedwa.

Mwezi wathawu anayambananso, koyamba a Kanti kulibe. Tiyamike anandiimbira, mawu ake ali ouma, akuti nthawi ino watopa zenizeni. Nkhoswe yotsala ndine ndekha, ndipo ndine wa mbali ya mwamuna. Ndinawafunsa kuti tikumane kuti. Madalitso, amene anali pambali pake, anati, "Komwe kuja." Nyumba ya a Kanti dokotala sanaigulitsebe, ndipo kiyi ali ndi Tiyamike, amene amakathirira kamtengo kopatulika ka mai Sarla.

Tinavula nsapato pakhomo popanda wotiuza. M'chipinda chochezera munali fungo la lubani wakale. Patebulo panali fumbi, kupatula malo a ngodya zinayi pamene laputopu inkakhala. Magalasi awo owerengera anali pomwepo, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi. Mpando wawo wa nsungwi unali utatembenukira ku tebulo, khushoni yake yolowa pakati. Ine ndinakhala mbali yanga, ndinakonza kukhosi, n'kuyamba mawu anzeru amene ndinawakonzekera njira yonse. Palibe anandiyang'ana. Tiyamike anatembenukira ku mpando uja n'kufotokoza mlandu wake wonse, Madalitso ali chete. Atatha, Madalitso naye anafotokoza wake, akuyang'ana komweko. Kenaka tonse atatu tinadikira.

Tinadikira nthawi yaitali. Panja munthu wina ankauluza masamba ndi makina. Pomaliza Madalitso anaweramitsa mutu.

"Wolakwa ndine, ankolo," anatero, ndipo ankolowo sindinali ine.

Tiyamike anapita kukhitchini kukaphika tiyi. Anabweretsa makapu anayi. Yachinayiyo anaiika patsogolo pa mpando wopanda munthu, ndipo inazizirira pomwepo, yodzaza, ife tikumwa zathu.